Chamawa cha a Nachisale

Sabata yatha tinali kumudzi kukakonza chiliza cha azakhali anga, a Nachisale, pakuti simenti yakale inali itang'ambika ndi mizu. Titamaliza kupemphera, anthu akubalalika, a Nankhoma, mayi woyandikana nawo nyumba amene tsopano akuyenda ndi ndodo, anandigwira mkono nandiuza mokoma mtima kuti ndisamadandaule, chifukwa azakhali anga anafa imfa yaulemu. "Anapita ndi thupi lawo lonse, mwanawe. Bokosi lija linalemera." Ndinangoti zikomo, poti ndinaleredwa kuti wamkulu sumuyankha kumanda. Koma mtima unandiwira njira yonse. Zaka zonsezi zapita, ndipo anthu akwathu akunyadirabe chinthu chenicheni chimene chinapha munthu. Pakamwa ndinalephera, ndiye ndilembe.

A Nachisale anali mlongo wawo wa bambo anga, ndipo anali telala. Makina awo akuda, opalasa ndi phazi, ankakhala pakhonde la nyumba yawo m'mbali mwa njira yopita ku Chisepo. Anali munthu wowonda chibadwire. Sindikunena wodwala ayi, ndikunena wowonda. Kubanja kwathu tonse ndife otero, makosi aatali, mafupa a m'khosi ali poyera, kaya ndi chaka cha njala kaya nkhokwe zadzaza mpaka kudenga. Koma thumba la chimanga ankalikweza pamutu okha, ndipo phiri la kumunda kwawo ankalikwera akuyankhula, osapumira.

Kuyankhula ndiye anali nako. Mapini atatu ali pamlomo, mawu ankatulukira m'mbali mwa kamwa, akuthwa chimodzimodzi. Amuna awo ankati anakwatira mitala osadziwa, chifukwa makina aja anali ndi nsanje kuposa munthu. Ana sanakhale nawo, ndipo aliyense wowafunsa za zimenezo ankamuuza kuti ayang'ane ana onse ovala a m'mudzimo, aone ngati pali mmodzi amene sanadutse m'manja mwawo.

Chinthu chimene onse ankawadziwira nacho ndi ichi. Chovala chilichonse chimene asoka, ankasiya nsalu yowonjezera m'kati mwa msoko, yopindidwa bwinobwino, ngati zala ziwiri mbali iliyonse. Nsalu imeneyo ankaitcha chamawa. Ankati munthu sumusokera za lero zokha, chifukwa mwana amakula, mtsikana amatenga pakati, bambo amagulitsa fodya n'kutulutsa mimba. Tsiku limenelo likafika, umangomasula msoko, chovala n'kukula ndi mwiniwake. Telala wosasiya chamawa ankamutcha wakuba, ngakhale akhale mkulu wa mpingo.

Anakangana ndi anthu ambiri chifukwa cha chamawacho. Atsikana ankafuna madiresi othina, iwo n'kumawafunsa ngati akufuna kuvala kapena kumangidwa. Mphunzitsi wina wachinyamata wochokera ku Ntchisi anabwera ndi nsalu ya buluku, nanena kuti sakufuna zopindapinda m'kati, akufuna logwira thupi ngati la m'tauni. Azakhali anamusokeradi momwe ankafunira. Bulukulo linang'ambika kumbuyo akulemba pabolodi, ana onse akuona. Atabwera nalo kudzasoketsa, anamukhazika pa mpando theka la tsiku, akumufotokozera aliyense wodutsa kuti aphunzitsi abwera kudzaphunzira.

Ndi bambo anga ndiye ankakangana ngati nkhuku ndi mphaka. Zipani zitabwera, nsalu za mitundumitundu zinadzaza m'midzi, zina za nkhope iyi, zina za nkhope iyo. Bambo anga anali munthu wa chipani chakale mpaka m'mafupa, monga analili ambiri kwathu ku Dowa, ndipo zinkawapweteka kuona mlongo wawo akusokera mabulauzi amayi a zipani zatsopano pakhonde poyera. Azakhali ankawayankha kuti singano ilibe khadi la chipani. Ankawonjezera kuti nsalu zonsezo n'zopyapyala mofanana, ndipo nkhope zonse zikachapidwa kawiri zimasuluka. Bambo ankachoka atakwiya, madzulo n'kutumiza mwana kuti akatenge malaya awo amene anasiya kuti awaike batani.

Munthu ameneyu, amene sankaopa mphunzitsi, mlongo kapena chipani, ndi amene anagonja kwa mawu awiri a amayi a pachitsime. Ndikamaganiza zimenezi ndimakwiyira mudzi wonse, ndipo nthawi zina ndimawakwiyira iwonso.

Zinayamba ndi imfa ya amuna awo a azakhali, chaka chimene tinavota koyamba posankha pakati pa anthu ambiri. Anadwala chifuwa miyezi yambiri, naonda mpaka kutsala mafupa. Chimene chinawapha sitikuchidziwa mpaka lero. Koma masiku amenewo munthu akafa ataonda, mudzi unkadziwa kale dzina la matendawo, ngakhale palibe ankalitchula mokweza. Ankangoti zomwezi, kapena kaliwondewonde, kwinaku akutsinana. Pa maliro awo anthu anaona nkhope, kenaka maso onse anatembenukira kwa namfedwa. Ndipo anaona chiyani? Anaona mayi wowonda. Mayi yemweyo amene anali wowonda pa ubatizo wake, wowonda pa ukwati wake, wowonda zaka zonse zimene ankawasokera zovala za ana awo. Koma tsopano kuwondako kunasanduka umboni.

Nsalu zinasiya kubwera. Zoona, nthawi inalinso yoipa kwa atelala, chifukwa kaunjika anali atadzaza misika ndipo ana a sukulu sankakakamizidwanso yunifolomu. Koma kaunjika salanda munthu moni. Kaunjika sachititsa mayi kukana kuyezedwa m'chiuno ndi manja amene anamuyeza kuyambira ali mtsikana. A Nankhoma ndiwo anayamba kunena pachitsime kuti telala amanyambita ulusi asanaulowetse m'singano, ndiye ulusiwo umakathera pathupi la munthu. Posakhalitsa kuseri kwa nyumba ya azakhali kunabadwa kanjira. Anthu opita ku Chisepo ankapatuka asanafike pakhonde, n'kudutsa m'munda wa mbatata, n'kukatulukira kutsogolo, kuti asagwirane nawo chanza. Azakhali ankamva mapazi akudutsa kuseri kwa khoma. Ankangopalasa makina opanda nsalu, akuti kuti asachite dzimbiri.

Mvula yotsatira ndi pamene anayamba kutupa. Mapazi anakana kulowa m'nsapato, m'mawa maso ankadzuka atatsekeka, mkodzo unkachita thovu ngati muli sopo. Bambo anga anaiwala za zipani, nawatengera ku chipatala cha mishoni. Ine ndinapita nawo monga wowadikirira. Kumeneko anawayeza zonse, magazi omwe, ndipo dokotala, bambo wodekha wa imvi m'mbali, anati kachilombo kaja mulibe. Vuto linali impso. Anafotokoza kuti impso ndi sefa ya thupi, zimachotsa mchere ndi madzi otsala m'magazi. Asilikali a m'thupi mwa azakhali, amene ntchito yawo ndi kumenya matenda, anali atasokonezeka n'kuyamba kumenya sefa yawo yomwe. Anawapatsa timapilitsi toyera, dzina lake pulediniso­loni, toti tigoneke asilikaliwo kuti impso zipume.

Ananena zinthu zitatu, ndipo ndinazimva ndi makutu anga. Anati azibwera mwezi uliwonse kudzayezetsa kuthamanga kwa magazi. Anati achepetse mchere. Anati mapilitsiwo si okhalitsa, iye aziwachepetsa pang'onopang'ono mpaka atha, ndipo asayerekeze kuwasiya mwadzidzidzi kapena kuwapitiriza mwa okha.

Mankhwalawo anagwira ntchito, zimenezo sindingakane. Kutupa kunaphwa, mkodzo unayera. Koma anabweretsanso china. Azakhali, amene moyo wawo wonse ankadya ngati mbalame, anayamba kumva njala ya munthu wolima ganyu. Mbatata, zitumbuwa, chimanga chootcha, matemba, chilichonse chodutsa pafupi. Patapita miyezi iwiri nkhope inayamba kudzaza. Masaya anatuluka, khosi linakwiririka, mafupa aja anabisala koyamba chibadwire chawo.

Lamulungu lina atalowa m'tchalitchi, amayi anatembenuka mzere wonse. Potuluka, a Nankhoma omwe aja ndiwo anayamba kuwathamangira, manja ali m'mwamba.

"A Nachisale, mwanenepatu! Onani masaya! Ife timaona ngati zomwezi, kani tinkangokuchimwirani."

Anawagwira manja onse awiri, pamaso pa anthu. Ena anabwera, wina kuwasisita paphewa, wina kufunsa kuti akudya chiyani. Palibe ngakhale mmodzi amene anapepesa moona. Anangowakhululukira, ngati olakwa anali azakhali. Sabata yomweyo nsalu zinayamba kubwera, za chinkhoswe, za kwaya, za mwana wobatizidwa. Mapazi anabwerera kutsogolo kwa khonde. Azakhali ndinawapeza tsiku lina akumasula msoko wa diresi lawo la buluu la kutchalitchi, akuyimba. Anati zaka zonsezi akhala akumasulira anthu chamawa, tsopano yafika nthawi yawo. Sindinawaonepo atasangalala chotero, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandipweteka.

Mwezi wotsatira dokotala anawamanga kansalu kopopa pamkono, nati magazi ayamba kuthamanga, nachepetsa mapilitsi monga ananenera. Ulendo winanso anachepetsa. Azakhali anaona kuti njala ija ikuchepa, ndipo anadziwa chimene chikubwera pambuyo pake. Anasiya kupita kuchipatala. Ife anatiuza kuti dokotala wawamasula, achira.

Kale zikanathera pomwepo, chifukwa mankhwala otere ukanawapeza kuti kunja kwa chipatala? Koma inali nthawi ya ufulu, ndipo ufuluwo anthu ena anaumva kuti aliyense agulitse chimene wafuna. Pamsika wa Mponela panali bambo wina amene ankayala chiguduli pansi, mbali iyi mabatire, mbali iyo mankhwala a makoswe, pakati milumilu ya mapilitsi ali padzuwa. Sankadziwa dzina la pilitsi ngakhale limodzi, ankawadziwa ndi mitundu. Toyera tija ankatiitanira kuti ndi onenepetsa, opatsa chilakolako cha chakudya, ochotsa manyazi. Ankadziwa bwino lomwe manyazi amene ankanena. Amayi amasiye ankagula ataphimba kumaso ndi mpango. Munthu wina atamufunsa za chilolezo, akuti anayankha kuti zimenezo zinapita ndi chipani chimodzi. Azakhali ankapita ku Mponela kukagula ulusi ndi mazipi, ndipo ankabwera ndi kapepala kokulunga m'mphepete mwa chitenje. Mlingo ankadziikira okha. Akaona masaya ngati akutsika, ankawonjezera.

Mchere ndiye sanauchepetse n'komwe. Ankati ndiwo zopanda mchere n'za munthu wodwala, ndipo wina akawaona akudya zotero adzakanena pachitsime. Za kuthamanga kwa magazi ankati bipi ndi matenda a mabwana a m'maofesi ndi a anthu a maganizo, ndiye iwo maganizo atani pomwe nsalu zili mulu pakhonde?

Chaka chinatha akunenepabe, mudzi ukuwombabe m'manja. Koma amene tinkakhala nawo pafupi tinayamba kuona zina. M'mawa ankadzuka atamanga mutu ndi mpango mothina, akuti kumbuyo kwa mutu kukugunda. Mphuno inkatuluka magazi popanda chifukwa. Munthu amene ankalowetsa ulusi m'singano akuyang'ana kwina anayamba kuphonya, n'kumanamizira singano za masiku ano. Akadzibaya ndi pini, bala linkatenga nthawi kuti lipole. Phiri la kumunda ankaima katatu asanafike pamwamba. Ndipo kunenepa kwake kunali kwachilendo, nkhope, mimba ndi kumbuyo kwa khosi, pomwe mikono ndi miyendo zinkaonda. Iwo anali telala, tepi inali m'khosi tsiku lonse, ndipo ankakonda kunena kuti tepi sinama. Ankadziwa kuti chiuno chikukula pamene mkono ukuchepa. Ankangodzisokera zovala za manja aatali.

Bambo anga ndiwo anapeza kapepala ka mapilitsi m'kabokosi ka mabatani. Mkangano wa tsiku limenelo unamveka mpaka kudambo. Mapeto ake anawakweza pa ngolo, ine pambali, ulendo wa kuchipatala. Dokotala yemwe uja atapopa kansalu kake anaona, nabwereza mkono winawo, kenaka anavula magalasi. Atamva za ku Mponela sanakalipe. Anangofotokoza, pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi mlongo wake.

Anati mankhwala amene amagoneka asilikali a m'thupi amachitanso zinthu zina ziwiri. Amauza thupi kuti lisunge mchere, ndipo kumene mchere wakhala madzi amatsatira. Amachititsanso kuti mitsempha ya magazi ithine. Munthu wa impso zamphamvu mwina angapirire kwa kanthawi, chifukwa zotsalazo zimatuluka ndi mkodzo. Koma wa impso zofooka madziwo alibe kolowera, amadzaza m'mitsempha yothina kale, ndipo mtima umakankha mwamphamvu kuti magazi adutse. Mphamvu imeneyo imakapweteka sefa yomwe ija, sefa ikafooka madzi amachulukanso, madzi akachuluka magazi amathamanga koposa. Mankhwala amene anapulumutsa impso poyamba, tsopano anali kuzimaliza. Ndipo masaya amene anthu ankawayamikira sanali thanzi, anali chizindikiro choti mankhwala apitirira.

Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati ndiye kuti akunena munthu wamkulu m'diresi laling'ono. Dokotala anavomera, nati ndi momwemo, ndipo msoko umene umayamba kuphulika nthawi zambiri umakhala m'mutu. Anati njira ilipo: kuchepetsa mapilitsi pang'onopang'ono iye akuyang'anira, kumwa ena otsitsa magazi, kusiya mchere. Azakhali anafunsa funso limodzi lokha, ngati masaya adzatsala. Dokotala anati ayi, adzabwerera thupi lawo lakale. Ataona nkhope yawo, anawonjezera kuti, "Mayi, magazi anu tinawayeza kale, kachilombo mulibe. Mukuopa chiyani?"

"Mudzapita ndinu kukawauza pachitsime?" anatero azakhali. "Inu kuno mumawerenga magazi, adokotala. Kwathu amawerenga masaya."

Bambo anga anayang'ana pansi, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona akulephera kutsutsa mlongo wawo.

Komabe anayesa, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike, chifukwa ena amati anali wamakani basi. Anayesa. Kapepala ka ku Mponela anakataya m'chimbudzi. Anadya ndiwo zozizira zopanda mchere akutukwana, anamwa mankhwala monga anawauzira, anapita kukayezetsa mwezi umenewo ndi wotsatira. Mutu unaleka kugunda. Ulusi unayambanso kulowa m'singano ulendo umodzi. Dokotala anati impso zapwetekeka ndithu, koma akapitiriza chotere akhoza kukhala zaka. Ndipo masaya, monga ananenera, anayamba kuphwa.

Tsiku lina m'mawa a Nankhoma anabwera ndi nsalu ya ukwati wa mdzukulu wawo, nsalu yabwino yonyezimira. Anaiika pa makina, anakhala pansi, anayang'ana azakhali kuyambira kumaso mpaka m'khosi. Ine ndinali pomwepo ndikusenda mtedza.

"Kodi a Nachisale, mwayambanso kutsika?"

Mawu anali amenewo basi. Kenaka anakumbukira mwadzidzidzi kuti mwini ukwati sananene mtundu wa kasokedwe, nanyamula nsalu yawo kuti akafunse kaye. Sanabwerenso. Madzulo a tsiku lomwelo tinamva mapazi kuseri kwa khoma, m'kanjira ka m'mbatata kaja, kamene udzu unali utayamba kukatseka. Azakhali anaimitsa phazi pa makina, namvetsera mpaka mapaziwo atapitirira. Ine ndinawauza kuti asawamvere anthu opanda nzeru, iwo anangondiyankha kuti ndine mwana, ndidakali ndi amuna amoyo, palibe amene akuyang'ana masaya anga. Tsiku la msika anati ulusi woyera watha, nanyamuka ulendo wa ku Mponela.

Abale inu, kodi munthu amaphedwa ndi chiyani? Wa chiguduli uja ndimamuda, ndipo ndidzamuda mpaka kufa, chifukwa ankagulitsa imfa pambali pa mabatire, n'kumaitcha ufulu. Amene anali ndi udindo woletsa zotere ankadutsa pamsikapo tsiku lililonse, ali otanganidwa ndi misonkhano ndi nsalu za nkhope. Koma wa chiguduli sanapite kukagogoda pakhomo la azakhali. Anawatumiza kumeneko ndi anthu amene ankapemphera nawo benchi limodzi, anthu amene ana awo anabatizidwa atavala zosoka zawo. Anawaika pakati pa imfa ziwiri, ya m'mitsempha ndi ya pakhonde lopanda moni, ndipo iwo anali atalawa kale yachiwiriyo. Anasankha imene anthu sangaione.

Masaya anabwerera, nsalu zinabwerera. A Nankhoma anati kani kunali kungodwala malungo. Bambo anga anachonderera, anaopseza, anafufuza m'nyumba monse, koma telala ali ndi mobisa mwambiri. Kuchipatala anakaniratu, ati sangapite kukanamiza munthu wabwino ngati uja.

Kunali m'mawa, chimanga chitamasula ngayaye. Bambo anga ankadutsa ndi khasu, anamva makina akulira monga mwa masiku onse, kenaka anangoti zii pakati pa msoko. Atayang'ana anaona mlongo wawo atatsamira khoma, pakamwa patakhota, phazi lamanja litagwa pa chopalasira. Mapini anali adakali pamlomo, ndipo bambo anawachotsa limodzilimodzi. Pamene ngolo inkafika kuchipatala anali asakuyankhula. Dokotala anati mtsempha waphulika m'mutu, ndipo impso zaima. Patapita masiku ochepa anatisiya, osanenanso liwu, munthu amene pakamwa pake sipankapuma.

Ndinali m'gulu la amayi owasambitsa. Tinafuna kuwaveka diresi lawo la buluu lija, koma linakana kutseka. Mayi wina anati palibe vuto, zosoka za a Nachisale zimakhala ndi chamawa, timasule. Tinalitembenuza. M'kati munali mizere ya timabowo ta singano, mzere pambali pa mzere, pomwe msoko unkadutsa kale, ndipo msoko womaliza unali m'mphepete penipeni mwa nsalu. Chamawa chinali chitatha. Tinachita kulidula kumbuyo ndi lumo lawo lomwe, n'kulifunditsa pathupi.

A Nankhoma, amene analinso m'nyumbamo, anatuluka kukauza akuluakulu kuti nkhope ionetsedwe ndithu, palibe chobisa. Anthu anadutsa pamzere akuyang'ana masaya aja, ndipo ndinkamva manong'onong'o okhutira, akuti eee, si zomwezi ayi, onani thupi. Wofotokoza mbiri ya malemu ananena kuti anadwala mwadzidzidzi ali ndi thanzi labwino. Adzukulu onyamula bokosi anasinthana kawirikawiri, ndipo zimenezonso anthu anaziwerengera ngati ulemu. Bambo anga anaimirira kuti anene zoona, koma anangokhalanso pansi chipewa chili kumaso. Mudzi unabwerera kumanda mtima uli m'malo, poti dzina la a Nachisale linali litayera.

Sabata yatha, a Nankhoma atandisiya mkono, ndinawayang'ana akupita. Ukalamba wawadya, atsala mafupa okhaokha, owonda kuposa momwe azakhali anaondera tsiku lililonse la moyo wawo. Palibe amene amawalambalala. Anavala bulauzi yakale ya maluwa, ndipo kasokedwe ka kolala ndinakazindikira ndili patali. Ikuwakhuthukira m'mapewa. Ndikudziwa kuti m'kati mwake chamawa chidakalimo chopindidwa, chosakhudzidwa.

Pobwerera ndinadzera kunyumba ya azakhali. Denga linagwa mbali imodzi, chitseko anachotsa, makina ali kwa bambo anga atawafunditsa chiguduli. Pakhonde pali timaenje tinayi pomwe miyendo ya makina inkaponda, ndi kena kotalikirapo pakati, pomwe chidendene chawo chinkakhudza dothi. Msomali umene ankapachikapo tepi udakali pakhoma, wadzimbiri. Njira yakutsogolo kwa khonde inamera chisoso ndi nsenjere, munthu sangadziwe kuti ngolo zinkadutsapo. Koma kanjira kakuseri kaja, ka m'munda wa mbatata, ndiko kanakula. Tsopano ndi njira yeniyeni yopita ku Chisepo, yoyera, yopondeka, njinga zimadutsamo. Ndinafunsa ana amene ndinakumana nawo chifukwa chake njirayo imakhota pamenepo m'malo molunjika, ndipo anandiuza kuti inakhala choncho kuyambira kale.